A Feggie ndi Tinsalu ta Eni

Tsiku la msika lililonse pa Santhe, ena akamathamangira ku kaunjika, ena ku usipa, a Feggie ankalunjika pakhonde la golosale pamene telala wina, a Grey, ankasokera. Sankapita kukasoketsa ayi. Akapereka moni, ankagwada pansi pa makina n'kuyamba kutola tinsalu togwa ku sizasi, tija telala amangokankha ndi phazi. Kena ngati chikhatho, kena ngati bokosi la machesi. Ankatikung'untha fumbi, kutiyang'ana padzuwa, n'kutiponya m'thumba la feteleza lopanda kanthu.

"Kodi mayi, nsanzazi mumakadya?" anafunsa a Grey ulendo wina, mapini ali kukamwa.

"Eya bambo, zothira tomato," anayankha a Feggie osadzutsa n'komwe mutu.

A Grey anaseka mpaka kulavula mapini, ndipo kuyambira pomwepo ankawasungira tinsaluto pambali.

A Feggie anali a ku Phalombe. Anabwera kuno ku Kasungu pa lole, ndi amuna awo a Lemani komanso kamwana kakakazi kumsana, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya wa bale. Kamwanako, Tiyamike, kanakulira m'chigafa momwemo, pansi pa fodya wopachika. Zaka zimene tikunenazi makuponi a feteleza anali atangoyamba kumene, ndipo mvula ikayandikira nkhani m'midzi inali imodzi: walembedwa ndani, wasiyidwa ndani. A Feggie dzina lawo silinali m'kaundula wa mudzi uliwonse wa kuno, moti kuponi ankangoionera m'manja mwa anzawo. Chawo chinali thumba lija, eni ake akathira kale feteleza kumunda.

Koma nanga kumzere wa feteleza ankalephera kupitako? Ayi ndithu! Ankakaima pambali, manja kumbuyo, n'kumayang'ana zitenje za amayi ofola aja, chimodzichimodzi, ngati munthu wosankha mbuzi. Amayi ena ankakokera nsalu zawo kumiyendo n'kumanong'onezana kuti mayi wobwerayu bwanji kodi.

Vuto la a Feggie, ngati linali vuto, linali diso. Posankha fodya pa esiteti yonse panalibe wowaposa. Masamba awiri amene inu mukanalumbira kuti ndi ofanana, iwo ankawaika milu iwiri, ndipo kapitawo akayang'anitsitsa ankangogwedeza mutu. Diso lomwelo silinkawapatsa mtendere pa nsalu. N'chifukwa chiyani chofiira chikagundana ndi chobiriwira chimalongolola, koma chikakhala pafupi ndi chakhofi chimangoti phee? Bwanji kansalu konyansa kwambiri, kaja palibe angakavale, kamakongola ukakadula pang'ono? Funso limeneli analifunsa kwa a Lemani, ndipo a Lemani anati iwo amadziwa za mbozi za mu fodya basi. Choncho Lamulungu masana aliwonse a Feggie ankayala mkeka pamthunzi wa chigafa, kukhuthula thumba, n'kumasuntha tinsalu uku ndi uku mpaka dzuwa kupendeka.

Anayamba ndi tinthu tating'ono. Kachikwama kosungira singano, chovala cha Baibulo lawo lothothoka chikuto, nkhata yosenzera ndowa yomwe amayi a pamjigo ankaiseka koma n'kumaibwereka. Makina analibe. Zonse zinali za pamanja, ndi zala zakuda bii chifukwa cha utomoni wa fodya, ndipo ankasamba m'manja kawiri asanakhudze nsalu.

Chachikulu, chofunda, anachiyamba Tiyamike atalowa Sitandade 8. Mwanayo mutu wake unali wakuthwa, ndipo a Feggie anadziwiratu kuti akakhoza akagona kwa eni. Nanga m'nyumba munali bulangete limodzi lokha, la anthu atatu, mwana akapita atenga chiyani? Akagone ndi chitenje chokha pakati pa ana a anthu, kuzizira kwa mwezi wa Juni kuja? Zimenezo a Feggie anakana mumtima. Anapeza bulangete lakale lotheratu lomwe mkazi wa kapitawo anataya, kulichapa katatu, kuliika pakati, kunsi zitenje ziwiri zosuluka, pamwamba tinsalu tawo tija. Chaka chathunthu chinatha akulumikiza kamodzikamodzi.

Kalata inabwera mu Disembala: Tiyamike wasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ku Nkhamenya. A Feggie analuluta mpaka nkhuku kubalalika. A Lemani, amene sankadziwa kuonetsa chimwemwe, anangokwera njinga kupita pa Santhe n'kubwerako ndi chitenje chatsopano, chabuluu cha maluwa oyera.

"Ichi muvale popereka mwana," anatero. "Kumeneko kukakhala makolo a anthu. Musakaime ngati mwachokera m'chigafa."

Chinali chitenje chokhacho chabwino chimene a Feggie anali nacho, ndipo anachipinda n'kuchiika m'sutikesi kudikira Lolemba la ulendo.

Tsono apa ndi pamene zinthu zinapotoka. M'mudzi woyandikana ndi esitetiyo munali mayi wina wogulitsa mandasi, a Modester. Pa Khirisimasi anasoketsa diresi kwa a Grey, lachikasu la mawanga a nkhanga, ndi kamalaya ka mwana wawo wa chaka chimodzi pa nsalu yomweyo. Chaka chitangolowa mwanayo anatentha thupi. Kuchipatala anapitako, mankhwala analandira, koma mwana ankangolefuka, bere osalifuna. Ndiye wina pamjigo anakumbukira kuti anaona mayi wa ku Phalombe uja akutola kansalu kachikasu pansi pa makina.

Kuno anthu amadziwa kuti kansalu ka chovala chako ndi iwe amene. N'chimodzimodzi tsitsi lometa kapena dothi la pamene waponda: zikagwa m'manja oipa, umadwala osadziwa chakugwera. Koma abale, zaka zonsezi nsanzazo zinkagwera pansi, mbuzi kumazitafuna, ana kumangira mpira, palibe anadandaulapo! Zinakhala zoopsa tsiku limene munthu wobwera anazitola. Zimapsetsa mtima, komabe mayi amene mwana wake akudwala simungamuuze zimenezo.

Loweruka m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti Tiyamike anyamuke, amayi asanu ndi awiri anafika pakhomo pa a Feggie. Mkeka anaukana. A Modester anali patsogolo, maso otupa chifukwa chosagona.

"Amake Tiyamike, sitinabwere kudzakangana," anatero. "Tikufuna tione kumene mumapita nazo nsalu zathu."

Chodabwitsa n'chakuti kwa a Feggie mantha sanali ochuluka ngati chimwemwe. Chaka chonse palibe anawafunsapo kuti aone. Analowa m'nyumba, kutuluka ndi mtolo, n'kuuyanika pachingwe cha zovala.

Chofundacho chinali chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Pakati panali zofiira ndi zachikasu, zikumka zizizira cha m'mbali mpaka kuthera ku zabuluu ndi zakuda, ndipo msoko uliwonse unali wowongoka ngati wa makina. Amayi aja anaiwala chimene anadzera. Anayandikira, kuyamba kugwiragwira.

"Haa! Iyi si yunifolomu ya kwaya yathu?"

"Taonani aka, ka ukwati wa mwana wa a Nelson!"

"Ndi manja zimenezi? Bodza!"

Akanakhala chete a Feggie, mwina nkhani ikanathera m'kuseka. Koma munthu amene wakhala chaka chonse ndi zinthu m'mutu wopanda womuuza, mukamuyamikira amamasuka pakamwa. Anayamba kuloza ndi chala.

"Aka n'kanu, a Maliya, ka diresi munavala pa ubatizo lija. Ndinakaika pafupi ndi aka chifukwa kokha kamalongolola. Aka n'ka siketi ya mwana wanu wamkulu. Aka kamizeremizere n'ka shati ya malemu amuna anu, ija anasoketsa chaka chimene anamwalira. Ndipo aka kachikasu, a Modester, n'ka kamalaya ka mwana wanu, ndinakaika pakatikati penipeni chifukwa..."

Anaima okha. Manja onse anali atachoka pa nsalu. A Maliya, mayi wamasiye wofatsa uja, anali atagwira pakamwa. Mayi wobwera, wosakhala mbale wa aliyense, ankadziwa chovala cha munthu aliyense m'mudzimo, cha amoyo ndi cha akufa, ndi tsiku limene anachivala. Kwa a Feggie kumeneko kunali kukonda nsalu chabe. Kwa amayiwo thupi linachita tsembwe.

"Ndipatseni kanga," anatero a Modester.

"Mayi, Lolemba mwana akupita nacho kusukulu chimenechi. Alibe china."

"Wanga sakuyamwa. Ndipatseni kanga."

A Feggie anayang'ana nkhope zonse zisanu ndi ziwiri, ndipo panalibe imodzi yowathandiza. Anatuma Tiyamike kumjigo kukachapa, kuti asaone. Kenako anatenga lezala, kukhala pansi, n'kuyamba kusomola ulusi pakatikati pa chofunda. Msoko umene unawatengera masana athunthu unkatha m'kanthawi kochepa. A Modester atalandira kawo, a Maliya anati nawonso ka malemu, ndi ka ubatizo komwe. Enawo anatsatira. Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi kunabweranso ena, amene anangomva kuti nsalu zikubwezedwa, ena osadziwa n'komwe kuti kawo ndi kati. A Feggie ndi amene ankawalozera, ndipo sananamize ngakhale mmodzi.

A Modester tsiku lija anatsalira kumbuyo pang'ono anzawo atanyamuka. Kansalu kanali m'manja mwawo, kakang'ono kosakwana kupukutira mphuno ya mwana, ndipo iwo eni anachita nako manyazi.

"Pepani, amake Tiyamike. Koma mwana ndi mwana."

"Ndikudziwa, mayi. Apeze bwino ameneyo," anayankha a Feggie, ndipo ananena zochokera pansi pa mtima.

Pofika Lamulungu masana chofundacho chinali ngati tsamba la fodya lomenyedwa ndi matalala. Mabowo makumi awiri ndi atatu, bulangete lonyansa lija likusuzumira paliponse. Tinsalu totsala m'thumba a Feggie sanayerekeze kutikhudza, poti nato tinali ndi eni ake. Analira, ndipo analira mokwiya, kudzitukwana okha chifukwa cha pakamwa pawo. Atatha kulira anayang'anitsitsa mabowo aja, ndipo diso lija linayambanso ntchito yake. Mabowo ambiri anali pakati, pa zofiira ndi zachikasu. Nanga pamenepo patalowa chabuluu cha maluwa oyera, zingakhale bwanji?

A Lemani pochokera kumunda anapeza sutikesi ili yasaa, akazi awo ali ndi sizasi yobwereka, chitenje chatsopano chija chili mabenthumabenthu pamkeka.

"Mayi! Mwapenga? Nanga mawa muvala chiyani?"

"Mumperekeza ndinu, bambo. Jekete lanu lija likadali bwino."

A Lemani anakakhala pachitsa kuseri kwa nyumba. Tiyamike anali kwa aphunzitsi ake kukatsanzika ndi kusita yunifolomu. A Feggie anasoka mpaka dzuwa kulowa, n'kudzamalizitsa m'mawa kutangoyera, ndipo anakulunga chofundacho kunsi kukhala kunja, kuchimanga ndi luzi mwana asanachione.

Lolemba anayenda onse atatu mpaka kumsewu. A Feggie anali m'chitenje chawo cha ntchito, chakuda ndi utomoni m'mawondo. Tiyamike ankaganiza kuti mayi ake asintha akafika pa siteji, kuopa matope a m'njira. Minibasi itaima, kondakitala akukweza ndowa ndi sutikesi, mwanayo anaona kuti m'manja mwa mayi ake mulibe kanthu.

"Amayi, chitenje chija chili kuti? Simukupita?"

A Feggie anangomupatsira mtolo uja. Tiyamike anapinda ngodya imodzi, n'kuona maluwa oyera pa buluu atakhala pakati pa zofiira, msoko wake watsopano. Misozi inangoti mbwee.

"Iwe, usanyowetse nsalu," anatero a Feggie, akumupukuta ndi chikhatho. "Tamvera. Akuti kumeneko aliyense ali ndi bedi lakelake, lachitsulo. Ukafika uchiyale bwinobwino, chabuluu chikhale pakati, kenako ubwerere m'mbuyo mpaka pakhomo, uchiyang'ane. Pa holide udzandiuze mmene chikuonekera. Ine sindinachionepo chili pabedi."

Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kunyamuka. A Feggie anaima pamsewupo mpaka inapotera, kenako anatembenuka kubwerera ku esiteti, poti fodya wapansi anali atayamba kupsa ndipo ankafunika kuthyola tsiku lomwelo.