Kamzere kanu kanakufikitsani ku Dedza

Achimwene Lameki, lero kuntchito ndalemba regex, kamzere kosakira mawu pakompyuta, basi mwandibwerera mumtima. Ndakumbukira Lamulungu lija m'chipinda chanu cha lendi ku Tlhabane kuno ku Joni, laputopu ili pamiyendo, mukundiphunzitsa kusefa mawu. Munati, "Mphwanga, nambala imene sukuidziwa usaisake ndi maso. Iuze kompyuta maonekedwe ake: 265, kenako manambala asanu ndi anayi. Ikupezera yokha." Ine ndinkangoyasamula, maganizo ali kumpira.

Mutatisiya, anthu ankati ndinu mtchona, kwanu sikudziwika, tingokuikani konkuno ku Joni. Ndinatsegula mauthenga anu akalekale pa laputopu ija n'kulemba kamzere kaja. Inatuluka nambala imodzi yokha, ya alongo anu ku Dedza. Zikomo achimwene, simunatope nane. Lero mukugona kwanu, pafupi ndi mayi anu.