Mawu a Amuna Anga M'kalasi ya Mphwawo

Amuna anga anatchola tiyi pa esiteti kuyambira tisanakwatirane mpaka mwezi umene chifuwa chinawagoneka. Anali ndi mphwawo, mwana wa mchemwali wawo, amene anakulira m'nyumba mwathu kuno kufupi ndi Khonjeni. Yunifolomu yake ndinkachapa ndine. Anaphunzira mpaka kunja, ndipo anabwerako akutchedwa Dokotala. Anthu kuno amati ndi dokotala wosabaya jakisoni, chifukwa ukamudandaulira za msana amakuuza kuti upite kuchipatala.

Ntchito yake ndi yophunzitsa ku yunivesite, koma ophunzira ake sanagwiranepo nawo chanza. Amawaphunzitsa pa kompyuta, iye ali ku Malawi kuno, iwo ali m'maiko awo. Anandifotokozera kuti phunziro lake ndi la momwe maiko alumikizirana: tsamba lotcholedwa ku Thyolo limakamwedwa ndi munthu wosadziwa kumene kuli Thyolo, ndipo malaya amene munthuyo watopa nawo ife timakawagula pa kaunjika ku Luchenza. Ndinamuyankha kuti zimenezo ngakhale ine wolekezera sitandade fili ndimazidziwa. Sanaseke.

Nyengo ina ya mvula, tiyi ataphuka bwino, anabwera ndi foni ndi kachitsulo ka miyendo itatu. Anawajambula amalume ake ali m'munda, dengu lili kumsana, akuonetsa katcholedwe kake: masamba awiri ndi kansonga. Amuna anga anali munthu wa nthabwala. Anayankhula, anaseka, anatsokomola, anasekanso. Ine sindinaone cholakwa. Munthu wamoyo akhoza kujambulidwa.

Amuna anga anamwalira m'nyengo yozizira. Tinawaika Lachiwiri.

Lachitatu masana ndinali m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi ena. Tinali tisanamete. Panali zii, ena akuwodzera chifukwa cha kutopa. Kenaka kuseri kwa khoma, chakumtengo wa mapeyala, amuna anga anaseka.

Sindinganame, kunali kuseka kwawo kwenikweni, ndi kachifuwa kaja pamapeto pake. Mayi mmodzi anagwetsa kapu. Awiri anathawa, mmodzi kusiya chitenje pakhomo. Ine ndinatsala pamphasa. Ndinamva mawu awo akuti, "Ukatchola tsamba lachitatu, kapitawo akubweza pa sikelo," ndipo ndinayankha, ndinati, "Abambo?"

Mwana wanga wamkazi, amene ndi wamkulu ndipo ali pabanja, anatuluka kukaona. Anapeza Dokotala atakhala pa mpando pansi pa mtengo, kompyuta ili pa mtondo wovundikira, akuphunzitsa. Ola la kalasi linali litakwana, ndipo ankaonetsa ophunzira ake kanema uja.

Atandiuza zimenezi ndinatuluka, ngakhale namfedwa satuluka chisawawa.

"Zimitsa."

Anakweza chala kuti ndidikire. Chala, kwa ine.

"Ndati zimitsa, iwe."

Anadina penapake. "Azakhali, pepani. Nthawi ya kalasi sindiika ndine. Ena kwawo ndi m'mawa, ena ndi madzulo, ola limene onse angapezeke ndi lino."

"Nanga amalume ako kwawo ndi nthawi yanji?"

Anatenga kompyuta yake n'kukamalizira kalasi m'galimoto, magalasi atatseka.

Tsiku lometa, abale a amuna anga anakhala pansi kuti agawe katundu ndi kundisudzula. Kwathu kuno mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo akamwalira abale ake amatenga zimene zili zawo n'kumumasula mkaziyo. Anatenga njinga, jekete, nsapato za jombo ndi wailesi. Sindinakanize chilichonse. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati ndikupempha chinthu chimodzi: mawu a malemu achotsedwe m'kalasi muja. Munthu tamuika. Asamadzutsidwe kuti aseke pamaso pa alendo.

Alamu anga, mayi ake a Dokotala, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwangosudzulidwa kumene. Malemu ndi wathu tsopano. Mwanayu ndi mphwake, ndiye mwini mbumba mawa. Akafuna kusunga mawu a malume wake, inu zikukukhudzani pati?"

"Ndinagona nawo mphasa imodzi zaka zonsezi."

"Mphasayo takusiyirani."

Ena anaseka. Dokotala anayankhula mofatsa, ngati akuuza mwana. Anati ndiyenera kunyadira, chifukwa amalume ake akudziwika m'maiko amene ine sindingathe kuwatchula.

Usanathe mwezi anabweranso, atanyamula shuga ndi buledi. Ndinadziwa kuti pali chimene akufuna. Anati ophunzira ake anawakonda kwambiri amalume, ndipo kalekale anawalonjeza kuti tsiku lina adzacheza nawo maso ndi maso pa kompyuta. Tsikulo linali litayandikira. Ankafuna kuti ine ndikakhale m'malo mwawo, ndikanene za moyo wa mkazi wa wotchola tiyi.

"Ndikapita, uchotsa kanemayo?"

"Tikakambirana, azakhali."

Mwana wanga anandiletsa, anati akungofuna kundigwiritsa ntchito ngati khasu. Ndinati ndikudziwa. Ndinkafuna kuwaona anthu amene amamva amuna anga akuseka ine ndisakuwamva.

Tinapita ku Luchenza, kumene netiweki siivuta, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mnzake. Ndinavala zakuda zanga ndi duku. Iye anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinalibe chitenje chowala. Ndinati ndilibe.

Pa kompyutapo panali timabokosi, kalikonse ndi nkhope yake. Azungu, amwenye, akuda anzathu, wina atafunda bulangeti, wina akudya. Onse anandikwezera manja kundipatsa moni. Dokotala anayankhula Chingerezi chake nthawi yaitali, kenaka anayamba kundimasulira mafunso. Timadzuka nthawi yanji? Kodi ifeyo timamwa tiyi amene timatchola? Ndinayankha mwachidule.

Kenaka mtsikana wina wa tsitsi lofiirira anafunsa akumwetulira, ndipo ena anaseka. Dokotala anachedwa kumasulira.

"Akuti chiyani?"

"Akungopereka moni kwa amalume."

"Moni?"

"Akufunsa ngati chifuwa chija chinatha."

Apo m'pamene ndinadziwa. Sanawauze. Masabata onsewa anthu aja ankaonera munthu wakufa akuganiza kuti ali kumunda, wangotanganidwa.

"Auze kuti anamwalira."

Anatembenukira ku kompyuta n'kuyankhula mawu angapo. Nkhope zonse zinapitiriza kumwetulira. Mtsikana uja anagwedeza mutu mokondwa. Chingerezi sindichidziwa, koma palibe mtundu wa anthu umene umamva za imfa n'kumwetulira chotero.

"Sunawauze."

"Azakhali, musokoneza kalasi. Si malo ake ano. Ndiwalembera bwinobwino pambuyo pake."

Ndinamasula duku. Tsitsi linali lisanamere, mutu unali mbuu. Ndinasendeza mpando kuti andione bwino, ndinaika manja kumutu, ndipo ndinalira maliro monga timalirira kwathu, mokweza, kuitana mwamuna wanga, kumufunsa kuti wandisiyira yani. Poyamba ndinachita dala, sindibisa. Koma nditangoyamba sindinathenso kuleka.

Kumwetulira kuja kunazima kabokosi ndi kabokosi. Amene ankadya anaika mbale pansi. Mtsikana uja anagwira pakamwa. Eni sitolo analowa akuthamanga, pambuyo pawo anyamata a kabaza ndi amayi ogulitsa nthochi, onse akufunsa kuti wamwalira ndani. Dokotala anafuna kutseka kompyuta, koma mawu ambiri ankatulukamo nthawi imodzi, onse akumufunsa iye. Anakhala pansi. Ananena mawu ochepa, mutu uli pansi, ndipo ulendo uno ndinaona pa nkhope zawo kuti wanena zoona.

Pobwerera sanandinyamule pa galimoto. Ndinakwera kabaza.

Ndinamva kwa mwana wanga kuti ophunzira ena analembera akuluakulu a sukuluyo, kufunsa ngati banja linavomera kuti kanemayo azionetsedwabe. Dokotala anauzidwa kuti amuchotse. Sanachotse chifukwa choti ine ndinapempha, ndipo zimenezo sindinaziiwale. Alamu anga anauza mudzi wonse kuti ndinafuna kumuchotsetsa ntchito mwana wawo. Mpaka lero tikakumana kuchigayo amayang'ana kumbali. Dokotala akuphunzitsabe. Akuti tsopano amaonetsa za mtedza.

Patapita miyezi anatumiza kamemore khadi kokhala ndi kanema uja kudzera kwa woyendetsa minibasi, kokulungidwa m'pepala lopanda mawu alionse. Mwana wanga anakaika m'foni yake n'kundifunsa ngati ndikufuna kumva. Ndinati kamodzi. Tinatseka chitseko. Amuna anga anaonetsa masamba awiri ndi kansonga, ananena za kapitawo, anaseka, anatsokomola. Panali pena pamene anatembenuka n'kuloza chakumudzi, n'kunena kuti, "Mayi akunyumba ndiye amatchola msanga kuposa ine, koma musawauze." Ndinali ndisanamvepo zimenezo.

Mwana wanga anati tisunge. Anatinso zinthu zikalowa pa intaneti sizitheratu, mwina wina kutali anasungako kale. Ndinati za kutaliko sindingazithe.

Tsiku lomanga chiliza cha amuna anga, simenti isanaume, ndinakankhira kakhadiko mkati ndi chala, chakumutu, ndipo mmisiri anasalaza pamwamba pake.