Mapu Amene Ndinamatula Pakhoma

Mapu aja ndinajambula ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa panafika nthawi anthu anaiwala.

Atanditumiza kuchoka kwathu ku Dedza kudzagwira ntchito ya zaumoyo kufupi ndi Champhira, ndinapalasa njinga mudzi ndi mudzi mpaka msana kuwawa. Mjigo uliwonse, mlatho wa mitengo, tinjira tachidule todutsa m'minda, zonse ndinaziika papepala lalikulu ndi makrayoni. Tinalimata pakhoma pa kachipatala kathu. Linakhala zaka, m'mbali likung'ambika, pakona pali banga la tiyi.

Ndiye mnzanga wa ntchito, mayi wa konkuno, anapita ku maphunziro ku boma la Mzimba n'kubwerako ndi tabuleti. Akailozetsa pa mapu angawo, pagalasi pankaoneka mapu omwewo koma amoyo: mijigo yowonongeka ikuphethira mofiira, midzi imene ana sanabayitse katemera itachita chikasu. Azimayi obwera ku sikelo ankamuunjikira.

"Yewo chomene, amama, mwationetsa mudzi wathu!"

Akuthokoza iyeyo. Ine ndili poteropo ndikupachika ana pasikelo. Nsanje inandigwira, sindibisa. Wolima wina, wokolola wina.

Titamva kuti akuluakulu a ku boma akubwera kudzaona lusoli, ndinati ayi, aonenso dzanja langa. Ndinapeza pepala latsopano n'kujambula mapu ena, oyera bwino, opanda banga ngakhale limodzi. Ndinali nditamumvapo mnzangayo akunena kuti tabuleti imazindikira pepala lakale lokhalo, ndi mabanga ake omwe. Ndinachita ngati sindinamve. M'mawa wa tsikulo ndinalawirira, ndinamatula akale aja, kuwapinda, kuwaponya m'chikwama, n'kumata atsopano.

Alendo anafika, tinawapatsa mipando. Mnzanga anaona khoma, anandiyang'ana kamodzi, koma nthawi yofunsa panalibe. Anakweza tabuleti. Zii. Anayandikira, anabwerera m'mbuyo, anapukuta galasi ndi chitenje. Palibe chinaphethira. Bambo wina mwa alendowo anayang'ana wotchi.

Ine ndinkadikira kuti wina afunse amene anajambula mapu okongolawo. Palibe anafunsa. Anamwa zoziziritsa kukhosi, anatsanzika, anakwera galimoto.

Ndinkayembekeza kuti mnzangayo andilalatira, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Koma iye anangokhala pabenchi.

"Amama, ndapota, mapu akale aja muli nawo? Abweretseni kamodzi kokha."

Ndinawatulutsa m'chikwama, atakwinyika. Anawayala patebulo, anawawongola ndi chikhatho, n'kulozetsa tabuleti. Mijigo isanaphethire, panatuluka chithunzi: ine, nditaimika njinga pamlatho wa mitengo, matope mpaka m'mawondo, pepala lili kukhwapa. Anandijambula liti, sindikudziwa. Pansi pake panali dzina langa, ndi mawu oti ndine amene ndinayenda midzi yonseyi n'kujambula mapuwa.

"Ndachiikamo dzulo," anatero. "Ndimafuna ayambe aona inu, mbwenu zinazo pambuyo."

Ndinathamangira pakhomo, mapu ali m'manja, ngati kuti ndingawaitane alendo aja abwerere. Kunja kunali fumbi lokha, likutera pang'onopang'ono pa masamba a chimanga.