Ndege Yopanda Penti Kumsana

Ndikukumbukira chaka chimene anthu kwathu anayamba kulankhula mokweza. Ndinali mu Sitandade 6, kumudzi kwathu kuseri kwa Kasakula, matipate atangolowa kumene. Pachigayo, pamsika, ngakhale pamaliro, anthu anayamba kutchula mayina a abale awo amene anasowa zaka za m'mbuyomo, mayina amene kale ankangowanong'ona. Ine zimenezo sizinkandikhudza. Mutu wanga unali pa magalimoto a mawaya, ndipo kunena mosadzitama, m'mudzi monse munalibe wondiposa.

Pakhomo pathu panali nkhalamba ziwiri za bere limodzi. Agogo aakazi, a Nambewe, ndiwo anabereka amayi anga. Agogo aamuna anali alongo awo, amene anabwerera kumudzi akazi awo atamwalira. Dzina lawo linali Eliya, koma aliyense ankawaitana kuti a Bama, chifukwa ali mnyamata anatengedwa kukamenya nkhondo ya azungu ku Burma, kulimbana ndi Ajapani. Anapita awiri ndi mng'ono wawo Yosofati, koma anabwerako okha.

Atafika anauza amayi awo kuti Yosofati watsalira, wapeza ntchito padoko la sitima, ndipo abwera. Amayi awowo anamwalira akudikira, kudikirako n'kutsalira a Nambewe. Kudambo kunali kadimba kamene ankati n'ka Yosofati. Chaka ndi chaka a Nambewe ankakalambula okha koma osadzalamo kanthu, ati mwini wake akabwera asadzapeze tchire, ndipo adzasankhe yekha chodzala. Anthu atayamba kutchula osowa awo, nawonso anayamba kufunsa aliyense wochokera kutauni ngati boma latsopanoli lingathe kufufuza munthu amene anatchona kutsidya kwa nyanja. Akamafunsa choncho, a Bama ankadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe.

Agogo aamunawa anali ndi khalidwe limene ana tonse tinkaliseka. Ndege za ku Lumbadzi zikamadutsa pamwamba pa mapiri athu, iwo ankataya khasu n'kudzigwetsa pakati pa mizere, manja kumutu. Phokoso likatha ankadzuka, n'kusasa fumbi, n'kunena kuti anapunthwa. Munthu wamkulu kumapunthwa nthawi ya ndege yokhayokha! Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

Ndiye ndinadabwa masana ena agogowo atandipeza m'chigafa cha fodya ndikupinda mawaya, n'kukhala pansi pafupi nane.

"Iwe mmisiri, ndege ungapange?"

Ndinayankha mwamatama kuti imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Iwo anati sakufuna ya mawaya yoonekera mkati ngati dengu. Akufuna ya thupi, ya Ajapani, ndipo maonekedwe ake andiuza okha.

Tinapita kukhwawa kukadula chiwale chouma, chija chopepuka chimene amapangira zitseko. Ntchito ya tsiku limodzi ija inadya chilimwe chonse. Ndinkasema ndi mpeni wa amayi, n'kupala ndi chidutswa cha botolo losweka mpaka chiwale kusalala ngati tsaya la mwana. Mapiko ndinkalumikiza ndi timitengo ta nsungwi ndi ulimbo. Pulopela ndinadula pachitini cha mafuta ophikira, n'kuikhomera kumphuno ndi kamsomali kuti izizungulira. Koma agogo anali ovuta, abale inu. Phiko loyamba anati n'lalifupi. Lachiwiri anati nsonga yake yasongoka, pamene ya ndegeyo inali yobulungira. Matayala amene ndinavutika nawo kusema anandiuza kuti ndichotse, chifukwa ikamabwera imakhala itawapinda m'mapiko, ndipo chooneka ndi malo ake okha. Ndinakwiya, ndinanyanyala, ndinabwereranso. Munthu amene sankakumbukira pamene waika chipewa chake ankakumbukira mzere uliwonse wa pamimba pa ndege imeneyo.

Anandipatsa lamulo limodzi. Ndegeyo isakwere kupitirira chiuno chawo. Ndisainyamule m'mwamba, ndisathamange nayo, ndisaionetse anzanga. Tikamagwira ntchito inkakhala chagada pamiyendo pawo, tikaweruka ankaiika pansi, kumutu kwa mphasa yawo. Ine ndinkaona ngati n'kuumira kwa nkhalamba basi. Ndege yanji yosauluka ngakhale m'manja?

Penti tinachita kupemphetsa. Woyera ndi wakuda tinapeza wotsala kwa mmisiri wa ngolo, n'kusakaniza kuti atuwe ngati phulusa. Wofiira unali wotsala pa zitseko za tchalitchi. Kenako agogo anati kutsogolo kwa mapiko kunali kachingwe kachikasu. Mayo ine, chikasu chaka chimenecho! Mtundu uliwonse unali ndi chipani chake, ndipo kwathu kuno ukangooneka ndi chikasu anthu ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinakapempha kwa mnyamata wina wolemba zikwangwani pamsika, n'kubwera nawo m'kachitini nditabisa m'malaya ngati ndaba nkhuku.

Burashi yathu inali kamtengo kotafuna kunsonga ndi nthenga ya nkhanga. Ndinapaka mimba yonse ndi kunsi kwa mapiko penti wotuwa uja. Pozungulitsa mawanga ofiira ndinagwiritsa ntchito chitsekerero cha botolo, limodzi kuphiko lililonse. Nditamaliza, agogo anaiweramira. Anandiuza kuti nditenge mwaye wa pamphika ndikhwatche timizere kuchokera kumphuno kutsika pamimba, poti mafuta ankadontha choncho. Nditatero anatembenuzira nkhope kumbali, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Penti atauma ndinaitembenuza n'kufunsa kuti kumsana tipake mtundu wanji.

"Sindikudziwa," anatero. "Kumsana kwake ine sindinakuonepo."

Ndinati tingopaka wobiriwira, kapena wotuwa womwewo, ndani angadziwe? Anakana kwamtuwagalu. Anati chimene sanachione tisachinamizire, mabodza akwana. Sindinamvetse kuti akunena mabodza ati. Anaiika pansi chafufumimba, msana wa chiwale uli mbee, n'kuimirira pamwamba pake ataitsamira ndodo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawapeza kawirikawiri ataima choncho, milomo ikugwedera, ngati munthu amene akukonzekera kukalankhula pabwalo.

Loweruka lina m'mawa ine ndi agogo tinapita kukathirira mbewu kudimba. Amayi anaona kuti mpata ndi womwewu woti azire m'nyumba ya amalume awo. Anatulutsa mphasa ndi mpando, n'kupeza ndege ili pansi, chiswe chitayamba kale kumanga njira yake pakhoma pafupi nayo. Za lamulo lija palibe anawauza. Anachita chimene mayi aliyense wa kwathu amachita ndi chinthu chofunika: anaimanga ndi luzi n'kuipachika kudenga, pafupi ndi chimanga cha mbewu, kuti chiswe ndi ana asaifikire. Atatero anazira bwinobwino n'kusiya chitseko chotsegula kuti pansi paume.

Tinabwerako dzuwa lili paliwombo. Agogo analowa m'nyumba kukasiya chipewa, ine ndikutsuka miyendo panja. Sindinamve kukuwa ayi. Ndinangomva kuti khu, ngati thumba la chimanga lagwa pangolo.

Nditalowa, maso anatenga kanthawi kuti azolowere mdima. Kamphepo kolowera pakhomo kankaitembenuza ndege ija pang'onopang'ono, pulopela ikuzungulira, mawanga ofiira aja akuyang'ana pansi. Inenso, amene ndinaipanga ndi manja angawa, tsitsi linandiimirira. Ndinali ndisanaionepo kuchokera pansi. Agogo anali chafufumimba padothi lonyowa lija, dzanja limodzi kumutu, linalo atalitambasula kumbali, likukanikizira pansi pamalo popanda munthu. Ankalankhula ndi mawu amene sindinawamvepo, mawu a mnyamata.

"Yosofati, gona pansi. Usadzuke. Ndati gona pansi, iwe."

Ndinalowetsa mpando uja, ndinakwerapo n'kudula luzi ndi mano. Potsika ndinaona kuti pakhomo paima a Nambewe, lichero lili m'manja. Anali atamva zonse. Anaika lichero pansi mosamala, n'kulowa, n'kukhala padothi lomwelo osasamala chitenje chawo. Anadikira mpaka kupuma kwa alongo awo kutabwerera m'malo.

"Achimwene," anatero motsitsa, "Yosofati ali kuti?"

Agogo sanadzuke. Anafotokoza ali chigonere, tsaya lili pamatope. Anati anali pamtsinje waukulu, akusenza mabokosi kuwolotsa pamlatho. Ndege inatulukira kuseri kwa mitengo, pansipansi, moti munthu ukanatha kuwerenga misomali ya pamimba pake. Onse anadzigwetsa. Yosofati anali asanaionepo ndege pafupi choncho, ndipo anadzuka. Iwo anamukoka mwendo, koma anali atachedwa, zipolopolo za ndegeyo zinali zitamupeza kale. Tsiku lomwelo analamulidwa kupitiriza ulendo, ndipo sanaone ngakhale pamene anamuika. Ponyamuka kumudzi anali atalonjeza amayi awo kuti mwanayo abwera naye, ndiye atafika n'kuona amayiwo akusuzumira kumbuyo kwawo, pakamwa panangotuluka za ntchito ya padoko.

"Anangofuna kuti aione bwino," anatero. "Anali mwana, mlongo wanga."

A Nambewe anadzuka, anatuluka, anakaima pakati pa bwalo, n'kumasula duku. Ndiye anayamba kubuma maliro. Ndamvapo kulira kwambiri pamoyo wanga, koma kuja sikunandichoke m'makutu. Anthu anathamanga kuchokera m'minda, makasu ali m'manja, akufunsa kuti wamwalira ndani. Amayi ankangoyankha kuti a Yosofati, ndipo achinyamata ankayang'anana chifukwa dzinalo ankalidziwa ngati dzina la dimba.

Maliro anachitika monga timachitira munthu akafera kutali thupi lake osaoneka. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu, n'kukaliika kumanda pafupi ndi amayi ake. Akulu a mpingo anayamba akokanakokana ngati n'koyenera kuimbira nthochi nyimbo za Mulungu, koma pomaliza anabwera ndipo anaimba. Ine chimene chinandiopsa n'chakuti onyamula ankasinthana pafupipafupi ngati anyamula munthu weniweni.

Musaganize kuti zonse zinatha bwino pompo. A Nambewe anakhala dzinja lonse osalankhula ndi alongo awo. Chakudya ankawapatsa, koma kudzera mwa ine. Amayi ankadziimba mlandu, mpaka agogo anawauza kuti asadandaule, amayiwo anangokweza chimene mwini wake ankalephera kuchikweza. Chilimwe chotsatira ndinaona nkhalamba ziwiri zija zikutsikira kudambo, wina khasu wina mbewu, ndipo m'dimba la Yosofati munadzalidwa mpiru. Kugwa m'mizere kuja agogo sanasiye mpaka imfa yawo. Chimene anasiya n'kunena kuti apunthwa. Ankangodzuka, n'kusasa fumbi, n'kutola khasu, ndipo palibe mwana amene ankasekanso.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti agogo ankafuna choseweretsa, kapena ankafuna kuyesa luso langa. Pano ndakula, ndipo ndaikapo anthu anga m'manda. Ndikuona kuti munthu uja anamva anzake akutchula osowa awo, nayenso anafuna kutchula wake, koma pakamwa pokha sipakanatha. Anafunika chinthu choti achiloze. Ndimadzifunsabe ngati agogo akanalankhula, amayi akanapanda kuzira tsiku lija. Chimene ndinaphunzira n'chakuti nkhalamba ikachita chinthu chooneka chopusa, ndisathamangire kuseka, chifukwa sindikudziwa chimene ikuona pamene ine ndikuona thambo lokha.

Ndege ija ndili nayo mpaka lero, chiswe chinangoluma kumchira. Imakhala pansi pa tebulo, ndipo m'nyumba mwanga aliyense amadziwa kuti siikwera kupitirira chiuno. Alendo akaiona amati ndi yokongola koma sindinaimalize. Tsiku lina mwana wanga anandionetsa chithunzi pafoni, ndege yomweyo, kumsana kuli kobiriwira ngati masamba a mango, ndipo anati akandigulira penti. Ndinayang'ana chithunzicho, n'kumubwezera foni yake. Amene anajambula anali m'mwamba. Ife a kwa Yosofati tinaiona tili pansi, ndipo tinapaka zimene tinaona.