Nkhope ya Phukusi

Chaka chimene alendo anasiya kubwera ku mapiri a Bvumba, loji imene ndinkachapako zofunda inatseka, ndipo ndinabwerera kwa amayi ku komboni ya Sakubva, kuno ku dziko la Ashona, ndi chikwama chimodzi. Bambo anali atamwalira kale, atatisiyira kanyumba ka zipinda ziwiri kamene anakapeza pa ntchito ya njanji. Achimwene, mwana wamwamuna yekhayo wa amayi, anali atawoloka kupita ku Joni. Ananyamuka akunena kuti abwera mvula ikayamba. Mvula inagwa zaka zoposa khumi tikudikira.

Sindinganame kuti anatiiwala. Ankatumiza katundu pa basi, ine n'kumakamulandira ku renki ya mabasi. Vuto linali katunduyo. Nthawi imene magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa, achimwene anatitumizira ketulo ya magetsi. Masitolo a m'tauni ali mashelefu okhaokha, iwo anatumiza kamakina kowotchera buledi, ife buledi titaiwala ndi fungo lake lomwe. Kenako kunafika nsapato za gogoda, za mayi wotupa miyendo.

Amayi anali ndi lamulo limene anachoka nalo ku Ntcheu ali mtsikana. Mphatso amalandira ndi manja awiri, ndipo tsiku lolandira mphatso munthu satchula mavuto ake, chifukwa kutero n'kuuza woperekayo kuti sanaganize bwino. Tsono achimwene ankaimba foni tsiku limodzi lokha, tsiku limene katundu wafika. Choncho foni iliyonse inali yothokoza basi.

Apa ndi pamene tinayamba kupeka mawu. Ndinayamba ndine, chifukwa cha mkwiyo. Nditaona amayi akumwetulira pa foni ngati kuti achimwene akuwaona, ndinati imeneyo ndi nkhope ya phukusi. Anaseka mpaka kutsokomola. Iwo anawonjezera liwu lawo, kuzikomola, kutanthauza kufinya zikomo kuchokera m'mimba yopanda kanthu. Katundu amene ankangofikira pansi pa bedi tinamutcha mgonapansi. Kuwomba m'manja kumene tinkawombera pafupi ndi foni kuti achimwene amve, amayi anakutcha kupha udzudzu. Ngakhale mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mshona weniweni, anaphunzira nawo. Akandiona ndikubwera ndi katoni pamutu, ankasuzumira pa mpanda n'kunena kuti nhasi kune kuzikomola, ndiye kuti lero kuli kuzikomola.

Zoseketsa zina masiku amenewo kunalibe, ndiye timawu timeneti tinkatisunga ngati mchere.

Kenako maso a amayi anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi pa singano. Tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, anandiuza kuti ndikachotse zovala pa chingwe chifukwa kunja kwada. Ku chipatala anati matenda a shuga awononga m'kati mwa maso, ndipo kuwala kumene kwatsala sikukhalitsa. Amayi sanalire. Chimene ankafuna chinali chimodzi, kuona nkhope ya mwana wawo kusanaderetu.

Ndinati tiwauze achimwene. Anavomera, koma anati osati lero, lero ndi tsiku la katundu. Katundu wa tsikulo anali wotchi yaikulu ya pakhoma. Wotsatira anali wailesi yakanema, imene inafika maso awo atatheratu. Titapeza foni yojambula, achimwene anayamba kufuna zithunzi. Ine ndinkawakhazika amayi pa mpando, kuwapakatitsa mphatsoyo, kuwatembenuzira mutu kumene kuli foni, n'kuwauza kuti nkhope ya phukusi tsopano. Ankaivala bwino moti palibe akanadziwa kanthu.

Nambala ya achimwene ndinali nayo. Ndikanatha kuimba tsiku lililonse lopanda katundu. Sindinaimbe, ndipo sindinganamizire lamulo la amayi lokha. Ndinali nditawakwiyira achimwene. Ine ndinkachapa, kusambitsa, kuima pa mizere ya ufa, iwo n'kumalandira zikomo chifukwa cha ketulo. Ndinkafuna kuti afunse okha, ngakhale kamodzi, kuti kodi amayi ali bwanji kwenikweni. Mayi woyandikana uja anandichenjeza m'Chishona chake kuti mwana wosalira amafera m'mbereko. Ndinatseka makutu, ndipo zimenezo zimandidya mumtima mpaka lero.

Achimwene anatulukira pa Khirisimasi ina, osanena, atanenepa, imvi zitayamba m'mutu. Ndinawatsegulira geti. Amayi atamva mawu awo anadzuka pa mpando n'kutambasulira manja kukhomo, pamene achimwene anali atadutsa kale, ataima cha pawindo. Iwo sanazindikire chifukwa anatanganidwa ndi kumasula phukusi. Chinali chithunzi chachikulu cha m'galasi, iwo, alamu anga ndi ana awo atatu amene amayi anali asanawaonepo.

Amayi anakhala pansi, anawomba m'manja, anachilandira ndi manja awiri n'kuchiika pa maondo chozondoka, mitu ya anthu ili pansi. Anavala nkhope ija.

"Ana okongola," anatero, chala chikuyenda pa galasi pamene panali nsapato za achimwene. "Uyu watengera bambo ako."

Achimwene anayang'ana chala cha amayi, anayang'ana maso awo, kenako anayang'ana ine.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira wailesi yakanema ija," ndinatero.

Sanandikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Anagwada pa simenti ndi suti yawo yatsopanoyo n'kutsamiritsa mutu pa maondo a amayi. Amayi anakankhira chithunzicho pambali n'kuyamba kuwapapasa nkhope, mphumi, masaya, ndevu, pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba. Ine ndinatuluka kukaima kuseri kwa nyumba.

M'mawa mwake achimwene anakwera kombi kupita ku tauni kukafunsa za madokotala, ngakhale ndinali nditawauza kuti nthawi inatha kale. Amayi anandiitana n'kundifunsa kuti zimene zinachitika dzulo tizitcha chiyani. Ankafuna kuti tiseke monga kale. Ndinafunafuna m'mutu, koma ndinawauza kuti ndilibe mawu. Amayi anaika manja pa maondo.

"Ndiye khala apa, undiuze mmene mwana wanga akuonekera masiku ano. Undiuze zoona, usandikometsere."

Ndinakoka mpando, ndipo ndinayamba ndi imvi.