Mng'alu Umene Ndinaukulunga ndi Malegeni

Ndikukumbukira kuti njinga inayamba ndi kukokera kumanzere. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikuchokera kuchigayo, ufa uli pakaliyala, njira yabwinobwino, koma handulo ikungofuna kupatuka yokha ngati mbuzi yaona chimanga cha eni ake. Ndinatsika. Ndinakanikiza tayala, mpweya unalimo. Ndinagwira masipoko, onse analipo. Kenako ndinagwada, ndipo pamwamba pa foloko, pamene miyendo iwiri yogwira tayala lakutsogolo imakumana, ndinaona kamzere kakuda, kopyapyala ngati tsitsi. Nditaikapo chikhadabo, chinalowa.

Linali Lachinayi. Loweruka lake Che Saidi ankasankha ana anayi opita ku mpikisano wa njinga ku Balaka, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndikhoza kukhala mmodzi wa iwo.

Che Saidi anali fundi wa njinga pa Nsanama, pansi pa mtengo wa mango. Ali mnyamata ankapalasa m'mipikisano mpaka bondo linawakana. Ndiye anayambitsa kalabu ya ife ana, popanda wowatuma ndiponso popanda wowalipira. Ankatseka bokosi la masipanala Loweruka m'mawa, anthu akubwera ndi machubu ophulika iwo n'kumati adikire, ali ndi ana. Anasankha Loweruka chifukwa Lachisanu ena ankapita kumzikiti ndipo Lamulungu enafe tinkapita kutchalitchi. Atsikana tinalimo awiri basi, ine ndi mnzanga Asiyatu. Amayi ena pamjigo ankati atsikana othamanga ndi anyamata pamsewu sadzakwatiwa. Che Saidi atamva anangoti, "Adzakwatiwa ndi amene adzathe kuwapeza."

Mapalasidwe athu anali a mumzere. Tayala lako limayenda pafupi ndi la mnzako, mpata wake chikhatho chimodzi, kuti wakutsogolo azikudulira mphepo. Ukakhala kumbuyo msewu suuona, umangoona msana wa mnzako ndi thukuta lake. Wakutsogolo akaona dzenje amaloza pansi, akaona mchenga amagwedeza dzanja, akatopa amapatuka wina n'kutsogola. Chifukwa cha chimenecho panali lamulo limodzi losakambirana: njinga yodwala siilowa mumzere. Mwini wake ankatsala pansi pa mtengo kulondera zigubu za madzi mpaka anzake atabwerako. Tinkawatchula kuti alonda a madzi, ndipo tinkawaseka sabata yonse.

Kwathu njinga inali imodzi. Pakati pa sabata abambo ankanyamulirapo makaka, matumba atatu nthawi imodzi, kupita nawo pa Nsanama, ndipo ine ndinkaigwira Loweruka. Lero ndikudziwa kuti matumba aja ndiwo anaing'alula. Koma ndikanawauza abambo, akanati ndi kalabu yaiwononga, akanaiimika m'nyumba mpaka thonje litagulitsidwa. Ndikanawauza Che Saidi, ndikanakhala mlonda wa madzi pa tsiku lenileni losankha. Ndinaganiza uku, ndinaganiza uku, kenako ndinachita zimene aliyense kwathu amachita chinthu chikathyoka.

Kwathu chilichonse chimamangidwa ndi malegeni. Mpini wa khasu ukang'aluka, malegeni. Wailesi ikamasuka, malegeni. Anyamata ankakulunganso nawo njinga zawo pongokongoletsa. Lachisanu masana, abambo ali kumunda wa thonje, ndinadula chubu chakale chofiira m'timizere, ndinakulunga pamng'alu paja mokoka ndi mphamvu zanga zonse, n'kukulunganso mwendo winawo umene unalibe vuto kuti zioneke ngati zokongoletsa. Ndinazichita mosamala, inu. Ndinayesa pabwalo, njinga sinakokenso kwambiri. Ndinadziuza kuti ndaichiritsa.

Loweruka Che Saidi anayendera njinga imodziimodzi monga ankachitira. Atafika pa yanga anafinya mabuleki, anazungulitsa tayala, anagwedeza chishalo.

"Esitere, njinga yavala mikanda lero. Ikupita kuchinkhoswe?"

Anzanga anaseka, inenso ndinaseka nawo. Kenako anandifunsa funso limene ankafunsa mwana aliyense.

"Pali chimene ukuchidziwa iwe, chimene ine sindikuchiona?"

"Iyayi, Che Saidi. Ili bwino."

Tinanyamuka asanu ndi awiri, iwo akubwera pambuyo pathu. Tinalowera cha ku Liwonde, dzuwa lisanatenthe, phula likununkha mame. Nthawi yanga yotsogola inakwana titafika pamtsetse. Asiyatu anali kumbuyo kwanga kwenikweni, ndinkamva kupuma kwake. Ndinawerama, ndinapalasa kuti Che Saidi aone, mphepo ikulira m'makutu. Panali kadzenje kakang'ono, koti tsiku lina ndikanangodutsapo. Ndinaloza pansi kuti anzanga adziwe, dzanja limodzi pahandulo, ndipo ndinamva phokoso ngati munthu wathyola nzimbe.

Za kugwa kwenikweniko sindikumbukira. Ndimakumbukira miyala m'kamwa, kukoma kwa magazi, ndi njinga zikugwerana pamwamba panga. Nditadzuka ndinaona Asiyatu atakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Sankalira. Ankangoyang'ana mkono wake, umene unapindika pamalo pamene palibe chigongono. Che Saidi anataya njinga yawo, anavula malaya n'kumumanga nawo, anaimitsa galimoto ya matola n'kupita naye kuchipatala. Ine ndinatsala ndi nkhope yosupuka, dzino lobenthuka, ndi njinga ya abambo ili zidutswa ziwiri.

Zotsatira zake ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Makolo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango uja. Bambo ake a Asiyatu sanakweze mawu, anangoti, "Che Saidi, mwana ndinakupatsani wathunthu." Abambo anga anati kalabu yawathyolera njinga imene imadyetsa banja. Che Saidi anaima, chipewa chili m'manja. "Ndine ndinaiyang'ana njingayo, ndine ndinailola. Mlandu ndi wanga." Ine ndinali pomwepo, kuseri kwa chitenje cha amayi, pakamwa pali tsekee.

Ku Balaka sikunapite munthu. Makolo anachotsa ana awo. Anthu anayamba kudutsa pamtengo paja akukankha njinga zawo kupita kwa fundi wina, akuti munthu wosaona foloko yothyoka angakonze chiyani. Ndinkadutsa pochokera kusukulu n'kuwaona atangokhala pabokosi lawo, manja ali oyera. Masiku asanu ndi limodzi ndinasunga chinsinsi changa ndekha.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri Che Saidi anabwera kwathu masana, makolo ali kumunda, ine ndikusenda chinangwa pakhonde. Anakhala pachitsa, anatulutsa foloko ija m'thumba n'kundionetsa pothyoka paja.

"Taona apa, mwanangu. Uku kukuwala, kwathyoka Loweruka. Uku kwachita dzimbiri, kunang'aluka kale." Anatembenuza chitsulocho pang'onopang'ono. "Ndipo malegeni anali okhuthala pomwepa. Amene anamanga ankadziwa pomanga."

Mpeni unandigwa m'manja. Ndinalira mpaka kusowa mpweya, iwo akungodikira.

"Mukawauza abambo?" ndinafunsa.

"Iyayi. Pakamwa uli napo wekha. Ine changa ndavomera kale, ndinayenera kumasula. Chako sindingakunyamulire."

Ndinawauza abambo madzulo omwewo, atangotula khasu. Ndinkayembekezera chikoti. Koma iwo anasamba m'manja, anavala malaya a kutchalitchi n'kunditenga. Tinayamba kwa Asiyatu, ndinanena zonse makolo ake akumva. Mawa lake tinapita pamtengo wa mango nthawi imene anthu achuluka, ndinanenanso, ndipo abambo anapepesa Che Saidi pamaso pa anthu omwe aja. Chilango anapereka ndi amayi. Anati popeza ndathyola mkono umene unkatunga madzi pakhomo paja, ndizikatunga ine m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu mpaka chikhakha cha pamkono wa Asiyatu chitachoka.

Ndinatunga. Asiyatu ankakhala pakhonde, mkono uli pachifuwa, osandiyankha moni. Sabata ziwiri zinatha choncho. Tsiku lina ndikutula ndowa anati, "Ndowa yakoyo ikudontha. Kaimange ndi malegeni." Amayi ake anaseka mpaka kutsamwa, iyenso anaseka, ine ndinaseka ndikulira. Tinagwirizananso, koma mkono wake sunawongoke bwino, ndipo sanapalasenso mumzere. Kalabu inayambiranso ndi ana ochepa. Ine sindinabwerere. Ndikangomva tayala kumbuyo kwanga ndinkapatuka n'kutsika panjinga.

Sukulu ndinasiyira sitandade 7. Ndinakwatiwa kuno ku Utale, ndili ndi ana awiri, Tadala wa zaka khumi ndi mng'ono wake Yankho wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndine mayi wamantha, sindibisa. Mwana akachedwa kumjigo ndimakhala nditaima kale panjira.

Chaka chatha aphunzitsi ena achitsikana, Mayi Kalonga, anayambitsa kalabu ya njinga pasukulu pawo, nawonso mongodzipereka, Loweruka. Tadala anabwera akuthamanga kudzapempha. Ndinakana asanamalize n'kulankhula komwe. Anapemphanso, ndinakananso. Loweruka lililonse ndinkachotsa tcheni panjinga yathu n'kuibisa kudenga. Bambo a Tadala ankangopukusa mutu.

"Mayi a Tadala, inu mukamabisa tcheni, ine kumsika ndizipita pa mbuzi?"

Ndinkati aseke, bola ana anga ali athunthu.

Patatha sabata zitatu ndinkatsuka mapatapata a ana, ndipo la kumanja la Tadala linali ndi ngalande yakuda pansi pake, yodyeka mpaka kutsala pang'ono kubooka. Chizindikiro chimenecho aliyense wokulira kumudzi amachidziwa. Ndi cha munthu wokwera njinga yopanda mabuleki, amene amaimitsa popondereza phazi patayala. Ndinamuitana.

"Patapata ili latani?"

"Ndinakhumudwa pamwala, amayi."

Anayankha akundiyang'ana m'maso, nkhope ili bata, ndipo nkhope imeneyo ndinaizindikira, inali yanga yomwe pamaso pa Che Saidi. Yankho ndi amene anaulula. Loweruka lililonse, ine ndikuganiza kuti akusewera kwa azakhali awo, ankabwereka chinjinga chakutha cha pakhomo lina n'kumatsatira a kalabu chapatali, aphunzitsi osadziwa, mumsewu umene mumadutsa malole a mchenga. Tadala akupalasa, Yankho ali pakaliyala.

Ndinakhala pansi pomwepo, pamadzi a sopo. Ndinafuna kumumenya, ndinafuna kumukumbatira, sindinachite chilichonse. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti phunziro langa linali loti njinga ndi yoopsa ndiponso kuti bodza ndi loipa. Tsiku limenelo ndinamvetsa china. Ine sindinabise mng'alu chifukwa ndinali mwana woipa. Ndinabisa chifukwa kunena zoona kukanandilanda chinthu chimene ndinkachikonda, ndipo panalibe njira ina imene ndinkaiona. Mwana wanganso ndinamuika pomwepo ndi manja anga. Ndinamutsekera njira yoonekera, iye anapeza yobisika, yopanda mabuleki, mng'ono wake ali kumbuyo.

Lolemba ndinapita kusukulu. Ine sindizolowera kulankhula ndi aphunzitsi, mawu ankandithawa, koma ndinawafotokozera Mayi Kalonga zonse, za Che Saidi, za Asiyatu, mpaka kuwaonetsa dzino langa. Ndinapempha zinthu ziwiri. Choyamba, andilole ndizibwera Loweruka kudzayang'ana njinga za ana onse ndi manja anga, ndipo chilichonse chokulungidwa chizimasulidwa ine ndikuona. Chachiwiri, mwana amene wanena yekha vuto la njinga yake asamatsale. Azipatsidwa ina, ndipo akhale woyamba kutsogola.

"Nanga inayo ichokera kuti, mayi?" anandifunsa.

"Ndizibwera nayo ine."

Ndinakapempha kwa alamu anga kuti azindibwereka yawo Loweruka m'mawa, anavomera. Bambo a Tadala anaika mabuleki atsopano panjinga yathu, akundiseka kuti mayi amene ankabisa tcheni lero ndi kochi. Yankho amaphunzirira pabwalo la sukulu, pamsewu sadzapita mpaka miyendo yake itafika pansi. Ine ndimapalasa kumapeto kwa mzere, patali pang'ono, kuti kumbuyo kwanga kusakhale tayala la munthu. Mantha sanathe. Lole ikamabwera ndimakuwa mpaka mawu kusasa, ndipo ana anandipatsa dzina loti Mayi Hutala.

Loweruka lapitali, ndisanayambe n'kuyang'ana komwe, Tadala anabwera akukankha njinga yathu, anzake onse akumva.

"Amayi, buleki yakumbuyo ikuchedwa kugwira. Ndinaimva dzulo pochokera kuchigayo."

Ndinafinya, inalidi yofooka. Ndinamupatsa ya alamu ija, ndinamutsitsira chishalo, ndinamuuza aime kutsogolo kwa mzere. Mayi Kalonga anakhala kumbuyo m'malo mwanga. Ndinawayang'ana anawo mpaka atakhota, kenako ndinamugwira dzanja Yankho, n'kuyamba kukankha njinga yathu wapansi kupita nayo kwa fundi.