Babu lakumanzere la pikapu yathu

Kunatsala masiku anayi kuti tichite sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi chimwalirire mkazi wanga, ndipo matumba a mpunga anali akadali ku Chia, kwa alamu anga. Ndinalonjeza kuti ndikatenga ndekha. Pa maliro abale ake anachita zonse ine nditangokhala ngati chitsa, ndiye ntchito iyi yokha ndinafuna ikhale yanga.

M'mawa umenewo kunali mvula. Ndinayatsa magetsi a pikapu yathu yakale n'kulowa mumsewu wa tala. Ndi ya otomatiki, ndinasankha yotero kuti mkazi wanga nayenso aziyendetsa, poti kalachi ankadana nayo. Magiya oyamba analowa bwino, kenako galimoto inayamba misala. Imati ikagwira giya yomaliza n'kuitaya, injini n'kukuwa, kugwiranso, kutayanso. Ndinabwerera nayo pa Benga.

Makanika wa pamenepo anasolola kachitsulo koyezera oyilo, kununkhiza, kupukusa mutu.

"Madala, giyabokosi yatha iyi. Tiitsitse basi."

"Oyiloyo wapsa?" ndinamufunsa.

"Ayi, ali bwinobwino."

"Ndiye yatha bwanji?"

Mvula itakata anaiyesa yekha, osayatsa magetsi, ndipo inayenda ngati yatsopano. Anandiyang'ana mmene aliyense ankandiyang'anira masiku amenewo, mwachisoni, ngati mutu wanga ndi umene ukutaya magiya. Ndinapsa mtima, ndinachoka osatsanzika.

Mawa lake mvula inabweranso, ndinayatsa magetsi, misala ija n'kuyambiranso. Ine makani ndili nawo, koma uchitsiru ayi. Maso anga salola kuyenda mdima, choncho magetsiwo ndinali ndisanawagwire chiyambire chilimwe. Vuto linali kumeneko.

Ndinaiimika pansi pa chisakasa kunyumba. Mafyuzi onse anali amoyo. Mitu ya batire ndinaipala mpaka kuwala, waya wa ethi, wolumikiza batire ku thupi la galimoto, ndinamangitsa. Kunatsala magetsi akumbuyo, ndipo ntchito imeneyo imafuna anthu awiri, wina woponda buleki, wina woyang'ana. Zaka zonsezi wopondayo anali mkazi wanga. Aneba akanabwera ndikanawaitana, koma mawu oti pepani anali atandikwana. Ndinatenga mpini wa khasu n'kuupanikiza pakati pa mpando ndi buleki.

Mpini utangoponda, timagetsi ta padashibodi tinayaka, chonsecho swichi ya magetsi inali yozimitsa. Moto wa buleki unkadutsira ku magetsi, ndiye kuti nawo wa magetsi unkadutsira ku buleki. Giyabokosi inalibe mlandu. Ndikayatsa magetsi imamva ngati ndaponda buleki, n'kumasiya giya mwaulemu wake.

Ndinazungulira kumbuyo. Galasi lofiira lakumanzere linali long'aluka, lomangidwa ndi kansanza ka chitenje. Mfundo yake ndinaizindikira, ndi mmene mkazi wanga ankamangira matumba a mpunga. Apo ndinakumbuka kuti nthawi ina ndili gone ndi malungo anandiuza kuti apolisi apamsewu amuchenjeza za getsi lakumbuyo, ndipo wakonza yekha. Ndinangomuyankha kuti wachita bwino, osapita kukaona.

Mfundoyo ndinalimbana nayo ndi zikhadabo, inakana. Kudula sindinkafuna. Ndinakhala pa bampala nthawi yaitali mpeni uli m'manja, mvula ikudontha m'chisakasa, ndipo ndinamusowa mkazi wanga kuposa tsiku lomuika. Kenako ndinadula.

M'katimo munali babu la mwendo umodzi, pamalo pofunika la miyendo iwiri. Analikakamiza mpaka kulowa, mwendo umodziwo n'kukhudza mawaya onse awiri. Kanthu kakang'ono ngati nzama.

Ndinagula babu loyenera pa Benga n'kulunjika ku Chia, mvula ili mkati, magetsi ali ngwee. Magiya onse analowa popanda kudandaula. Pobwerera, matumba ali kumbuyo, mkwiyo unandigwira, ndipo ndinalankhula mokweza.

"Amayi, babu amayamba afunsa. Sagula ngati tomato!"

Ndinadikira kuti andibwezere, poti mkazi wanga uja sankagonja pa mkangano. Ndinafika pakhomo, kuzimitsa injini, ndikudikirabe.